Mabuku a Iceland anabwerera kwawo pa sitima, koma owawerenga anawaphunzitsa ndi Jón Helgason

Pa 21 Epulo 1971 sitima ya asilikali apamadzi a dziko la Denmark yotchedwa Vædderen inakocheza padoko la Reykjavík, likulu la Iceland, itanyamula mabuku awiri okha basi. Ana asukulu sanalowe m'kalasi, anthu masauzande anadzaza padoko mbendera zili m'manja, ndipo tsiku lomwelo nduna ya maphunziro ya Denmark, Helge Larsen, inapereka mabukuwo kwa nduna inzake ya ku Iceland, Gylfi Þ. Gíslason. Limodzi linali Codex Regius, kabuku kakang'ono kothimbirira ka masamba 45, kolembedwa cha m'ma 1270, momwe muli ndakatulo zakale za milungu ndi ngwazi za anthu akumpoto kwa Ulaya, ndipo zambiri mwa ndakatulozo simungazipezenso pena paliponse. Linalo linali Flateyjarbók, chibuku cha masamba 225 chomwe chinadya zikopa za ana a ng'ombe 113. Onsewa ndi olembedwa pamanja, pachikopa, ndipo anali atakhala ku Copenhagen, likulu la Denmark, zaka zoposa 300.

Nkhani imeneyi imakambidwa kwambiri masiku ano, makamaka anthu akamalimbana zoti azungu abweze katundu wa makolo athu yemwe ali m'mamyuziyamu awo, amati onani Denmark inabweza, enanu chikukuvutani n'chani. Ndipo ndi zoona, Denmark inachita bwino, ine pamenepo sinditsutsa ngakhale pang'ono. Koma nkhaniyi ikamakambidwa amatchulidwa ndi andale, makhoti ndi sitimayo. Inetu ndikuti amene anachititsa kuti kubwerera kwa mabukuwa kukhale ndi phindu ndi munthu yemwe sanabwerere nawo, yemwe anakhala ku Copenhagen komweko mpaka imfa yake ali weramu pazikopazo, ndipo dzina lake ndi Jón Helgason. Buku lomwe kwanu kulibe woliwerenga likabwera limangosintha kabati.

Mkuluyu anabadwa pa 30 Juni 1899 pafamu yotchedwa Rauðsgil m'dera la Borgarfjörður kumadzulo kwa Iceland. Atamaliza sekondale ku Reykjavík mu 1916 anapita ku yunivesite ya Copenhagen, poti nthawi imeneyo Iceland inali pansi pa mfumu ya Denmark ndipo mwana wanzeru njira yake inali imeneyo. Anatenga digiri ya zilankhulo zakale za kumpoto mu 1923, udokotala anaupeza ku yunivesite ya Iceland mu 1926, mu 1927 anamupatsa kuti aziyang'anira nkhokwe ya mabuku apamanja ya Árni Magnússon, kenako mu 1929 anakhala pulofesa ali ndi zaka 30 zokha. Pantchito ziwirizi anakhalapo zaka zoposa 40. Anamwalira ku Copenhagen pa 19 Januwale 1986. Kwawo ambiri amamudziwa ngati mlakatuli, chifukwa buku lake la ndakatulo la mu 1939 anthu amalikonda mpaka pano, koma ndakatulo zinali zapambali chabe, ntchito yake yeniyeni inali ya zikopa.

Kuti mumvetse chomwe ankayang'aniracho tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Anthu a ku Iceland anayamba kulemba m'chilankhulo chawo cha m'ma 1100, ndipo analemba kwambiri modabwitsa poyerekeza ndi kuchepa kwawo: malamulo, mibadwo ya mabanja, mbiri za mafumu a Norway, ndi nkhani zazitali za makolo awo zomwe amazitcha saga. Pofika m'ma 1600 dzikolo linali litasauka, mapepala anali atafika, nde anthu akakopera buku lachikopa papepala losavuta kuwerenga, chikopa chija ankachiona ngati chatha ntchito. Ena ankang'amba masamba n'kukutira mabuku ena, ena ankadula n'kupanga patani yosokera zovala. Mabuku abwino kwambiri ankatumizidwa kwa mfumu, ngati mmene bishopu Brynjólfur Sveinsson anatumizira Codex Regius kwa Frederik III mu 1662.

Apa ndi pomwe akubwera Árni Magnússon, wobadwa mu 1663, mbadwa ya Iceland koma pulofesa ku Copenhagen. Kuyambira 1702 mpaka 1712 mfumu inamutuma limodzi ndi Páll Vídalín kukalemba kaundula wa minda yonse ya m'dzikolo, ndipo kalembera wa anthu wa mu 1703 yemwe anapeza anthu 50,358 anachitika pansi pa iwowa. Akuyenda famu ndi famu chonchi, Árni ankapempha, kugula, kubwereka chilichonse cholembedwa, olo kachidutswa kothothoka kuchikuto cha buku lina, n'kulemba pakapepala kuti ichi ndachipeza kwa uje yemwe anachitenga kwa uje. Mu 1720 katundu yenseyo anakwera sitima kupita ku Copenhagen. Ndiye mu Okutobala 1728 mzindawo unapsa. Nyumba ya Árni inapsa nawo, anapulumutsa zikopa zambiri koma mabuku osindikizidwa ndi mapepala ochuluka anapita, ndipo laibulale ya yunivesite yomwe inali pamwamba pa tchalitchi cha Trinitatis inatheratu. Mkuluyo anamwalira mu Januwale 1730 atasiyira yunivesite ya Copenhagen zonse zomwe zinatsala.

Pamoto umenewu pali nkhani imodzi yomwe imandikhudza kwambiri. Árni anali atabwereka ku Sweden masamba 12 oyambirira a Heiðarvíga saga, buku lokhalo lachikopa la nkhaniyo lomwe linalipo padziko lonse, ndipo mnyamata wake wolemba, Jón Ólafsson wa ku Grunnavík, anali atawakopera. Moto unadya zonse ziwiri, masambawo ndi kope lomwe. Mnyamatayo anakhala pansi n'kulemba zomwe ankakumbukira, ndipo mpaka lero mukawerenga chigawo choyamba cha saga imeneyi mukuwerenga zomwe zinatsala m'mutu mwa munthu mmodzi. Jón Ólafsson yemweyu anatha zaka zambiri za moyo wake ku Copenhagen mu umphawi akulemba dikishonale yomwe sinasindikizidwe n'komwe. Ndipo ndi munthu ameneyu, osati mfumu kapena ngwazi ya m'saga, yemwe Jón Helgason anasankha kuti alembe za iye pofuna udokotala. Kwa ine kusankha kumeneku kukuonetsa kale kuti mtima wake unali pati, unali pa alembi, anthu omwe nkhani imadutsa m'manja mwawo.

Tsono ntchito yakeyo kwenikweni inali yotani? Anthu ambiri amaganiza kuti saga ndi buku limodzi lomwe umangolitenga pashelefu. Ayi ndithu. Palibe saga ngakhale imodzi yomwe tili ndi pepala lomwe mwini wake analemba ndi dzanja lake, zomwe zilipo ndi makope a makope, ena achikopa, ena apepala, ena osowa masamba pakati, ndipo sagwirizana. Aliyense amene anaphunzirapo m'kalasi momwe buku linali limodzi la aphunzitsi okha akudziwa zomwe zimachitika ana akamakoperana manotsi: wina akadumpha mzere, onse okopera kwa iye amadumphanso mzere womwewo, ndipo mphunzitsi watcheru amatha kudziwa kuti uyu anakopera kwa uyu poona zolakwa zomwe akufanana. Katswiri wa mabuku akalewa amachita zomwezo, kungoti makope ake amatha kukwana makumi angapo ndipo okoperawo anafa zaka mazana apitawo. Amawaika pambali, liwu ndi liwu, mpaka atapeza kuti kholo ndi liti, mwana ndi uti, ndipo pamene akusiyana ndi uti ali pafupi ndi chiyambi.

Jón asanabwere, katswiri wamkulu pantchitoyi ku Copenhagen anali Finnur Jónsson, wobadwa mu 1858 n'kumwalira mu 1934, munthu wachangu zedi yemwe anasindikiza mabuku ochuluka moti mpaka lero anthu amadabwa kuti ankagona nthawi yanji. Pakati pa 1912 ndi 1915 anatulutsa ndakatulo zakale za alakatuli a kumpoto m'mabuku anayi. Tisamunyoze, popanda iye zambiri zikanakhalabe m'makabati. Koma changu chili ndi mtengo wake. Ankatsamira pa zikopa zakale zochepa, makope apepala a m'ma 1600 ndi 1700 sankawalabadira kwenikweni, ndipo pomwe ndakatulo yamuvuta ankaikonza mawu kuti imveke. Pulofesa wa ku Lund, Ernst Albin Kock, anatha zaka zoposa 20 akulemba mfundo zoposa 3,000 zambiri mwa izo zotsutsa mmene Finnur anamvera ndakatulozo.

Jón Helgason anabwera ndi lamulo lowawa: usasindikize usanaone makope onse, olo lija looneka lonyozeka lolembedwa ndi mlimi mu 1690. Chifukwa chake n'chomveka. Mlimi uja mwina ankakopera chikopa chomwe pano kulibe, kapena chilipo koma nthawi imeneyo chinali chisanathothoke masamba. Chitsanzo chodziwika ndi buku lotchedwa Kringla la cha m'ma 1260, kope labwino kwambiri la mbiri za mafumu a Norway, lomwe linapsa mu 1728 kungotsala tsamba limodzi, koma zomwe zinalimo timazidziwa chifukwa Ásgeir Jónsson ndi ena anali atalikopera papepala moto usanachitike. Ndiye pepala mungalinyoze bwanji? Ndi maganizo amenewa Jón anayambitsa mndandanda wa mabuku wa Bibliotheca Arnamagnæana mu 1941 ndi wa Editiones Arnamagnæanæ womwe unayamba kutuluka mu 1958, ndipo mu 1956 nkhokwe ija inasanduka sukulu ya kafukufuku yokhala ndi antchito ake, wojambula zithunzi wake ndi wokonza zikopa zong'ambika. Akatswiri ena a m'ma 1800 ankapaka mankhwala pa zilembo zofufutika kuti zioneke, zinkaonekadi kwakanthawi kenako tsambalo n'kuda mpaka kalekale. M'nthawi ya Jón anayamba kujambula ndi kuwala kwa ultraviolet, inki yozimiririka n'kumaoneka chikopa osachikhudza.

Iye mwini anasindikiza zambiri ndithu. Saga yaikulu ya mfumu Olaf woyera anaimaliza mu 1941 limodzi ndi katswiri wa mbiri wa ku Norway, Oscar Albert Johnsen, ndipo nyimbo zakale zovinira za ku Iceland anazitulutsa m'mabuku 8 kuyambira 1962 mpaka 1981. Palinso kanthu kena kakang'ono komwe ndimakakonda: akufufuza m'nkhokwemo anapeza timabuku tiwiri ta mawu a chilankhulo cha Basque omasuliridwa m'chilankhulo cha ku Iceland, totsala kuchokera m'ma 1600 pomwe osaka anamgumi ochokera kumalire a Spain ndi France ankafika kumpoto chakumadzulo kwa Iceland. Iyeyo Basque sinali mbali yake, nde m'malo mongotisunga kapena kudzichemerera anadziwitsa pulofesa C. C. Uhlenbeck wa ku Leiden, ndipo wophunzira wake Nicolaas Deen anatisindikiza mu 1937. Woyang'anira nkhokwe weniweni amatero.

Komanso sankaopa kukhumudwitsa anthu akwawo umboni ukamutsogolera kumeneko. Mu Egils saga muli nkhani yomwe mwana aliyense wa ku Iceland amaidziwa, yoti mlakatuli Egill atagwa m'manja mwa mdani wake mfumu Eiríkr mumzinda wa York ku England anapeka ndakatulo yomutamanda usiku umodzi n'kupulumutsa nayo mutu wake, cha m'ma 900. Mu 1969 Jón analemba kuti mawu awiri omwe akuyenera kumveka mofanana kumapeto kwa mizere ya ndakatuloyo sakanamveka mofanana mmene anthu ankatchulira m'nthawi ya Egill, anadzayamba kufanana patapita zaka pafupifupi 200, kutanthauza kuti mwina ndakatuloyo si ya Egill. Katswiri wa ku Germany, Dietrich Hofmann, anamuyankha mu 1973 kuti liwu limodzilo likhoza kuwerengedwa mwanjira ina, ndipo mkanganowo sunathe bwinobwino. Kaya analondola ndani, chomwe ndikuona ine n'choti munthu wokonda dziko lake mpaka kulilembera ndakatulo zachisoni ali kutali analolera kugwedeza chinthu chomwe mtundu wonse umanyadira, chifukwa chilembo chimodzi sichinakhale bwino.

Pano ndiyankhe zomwe munthu woganiza bwino angatsutse, poti zilipo ndipo si zopepuka.

Choyamba n'choti njira yakeyi ndi yochedwa mopitirira. Zoona. Egils saga yomweyi Jón anaigwirira ntchito zaka zambirimbiri, anafufuza makope ake n'kulembapo mu 1956, koma anamwalira asanaitulutse. Gawo limodzi linadzatuluka mu 2001 m'manja mwa Bjarni Einarsson, lina mu 2006 m'manja mwa Michael Chesnutt potsatira zomwe iye anasiya. Dikishonale yaikulu ya chilankhulo chakalechi yomwe inayambika ku Copenhagen mu 1939 buku lake loyamba la mawu linatuluka mu 1995. Pali china chake chomvetsa chisoni pamenepa ndipo sindichibisa, munthu akhoza kufuna ungwiro mpaka ntchito kumutsalira m'manja. Koma taganizani mbali inayi. Buku lopangidwa mothamanga limafuna kuti m'badwo wotsatira ulibwerezenso lonse, pomwe lopangidwa mmene Jón ankafunira munthu amangomanga pamwamba pake. Ndakatulo zomwe Finnur anatulutsa zija akatswiri a maiko angapo akhala akuzikonzanso kuyambira pachiyambi m'zaka zino za 2000. Kuchedwa kwenikweni ndi kuti pamenepa?

Chachiwiri n'choti mabuku amtunduwu munthu wamba sangawerenge. Zilembo amazisiya mmene mlembi wakale analembera, m'munsi mwa tsamba mwadzaza timawu tosonyeza kuti kope ili likuti chakuti linalo likuti chakuti, mawu oyamba ali m'Chidanishi. Amene anapereka saga kwa anthu wamba a ku Iceland ndi gulu la Sigurður Nordal ku Reykjavík, lomwe kuyambira 1933 linkatulutsa mabuku a Íslenzk fornrit m'kalembedwe kamodzi kosavuta, ndi mamapu ndi ndemanga. Ichinso ndikuvomera, ndipo dziko lokhala ndi a Jón okhaokha opanda a Nordal lingakhale ndi chuma chotsekeredwa. Koma wokonza buku losavutalo amasankha bwanji mawu oti aike pomwe makope akusiyana? Amadalira kuti wina anakhala kale pansi n'kuwafananitsa. Akapanda kutero ndiye kuti ana asukulu aziloweza zolakwa za mlembi wotopa wa mu 1400 n'kumati ndi mawu a makolo.

Chachitatu ndi chomwe chimapweteka: munthuyu anali mbadwa ya Iceland koma ankalandira malipiro ku yunivesite yomwe inkasunga chuma cha kwawo, ndipo anakhala kunja pafupifupi zaka 70. Wina anganene kuti anali mlonda wa katundu wolandidwa. Ine ndikukana. Mu 1927 zikopazo zinali ku Copenhagen, kaya iye afune kaya asafune, ndiye funso linali loti pamenepo pakhale munthu wodziwa chilankhulocho kuyambira ali kumsana kwa mayi ake kapena ayi. Ndipo m'zaka za nkhondo, Denmark ili m'manja mwa Germany kuyambira 1940 mpaka 1945, njira yopita kwawo itatsekeka, iye ndi Jakob Benediktsson ankasonkhanitsa anthu a ku Iceland okhala mumzindawo madzulo n'kumawawerengera zolemba za kwawo. Munthu woiwala kwawo satero.

Mkangano wa kubweza unakula Iceland italengeza kuti ndi ripabuliki pa 17 Juni 1944. Boma la Iceland linatumiza Nordal yemwe uja kukakhala kazembe ku Copenhagen kuyambira 1951 mpaka 1957 makamaka chifukwa cha nkhani imeneyi. Mu 1954 Denmark inati bwanji tikhale eni ake tonse awiri, Iceland inakana. Mu 1961 nyumba ya malamulo ya Denmark inavomereza zobweza, koma aphungu okwana gawo limodzi mwa magawo atatu anagwiritsa ntchito ndime ya malamulo aakulu a dzikolo yokhudza kulanda katundu n'kuimitsa lamulolo mpaka chisankho chichitike, linavomerezedwanso mu 1965, kenako nkhani inalowa m'khoti ndipo khoti lalikulu linagamula mu 1966 n'kudzagamulanso mu Malichi 1971. Ambiri mwa okana anali mapulofesa. Mfundo zawo zinali zoti Árni anapereka yekha mwalamulo, zoti zikopazo zikanaola zikanatsala ku Iceland, ndi zoti ku Reykjavík kulibe laibulale ndi zipangizo zokwanira. Mfundo yomalizayi timaimvanso lero liwu ndi liwu kuchokera kumamyuziyamu a ku Ulaya akamayankha maiko a mu Africa, ndipo ndikufuna ndimveke bwino apa kuti ine sindili mbali imeneyo. Mwini chinthu salemba mayeso kuti apatsidwe chake.

Koma onani zomwe Iceland inachita. Sinangokhala n'kumadikira sitima. Mu 1962, kudakali zaka 9 kuti buku loyamba lifike, inakhazikitsa bungwe la mabuku apamanja lotsogoleredwa ndi Einar Ólafur Sveinsson, n'kumanga nyumba yake pa yunivesite. Nanga anthu ogwira ntchito m'menemo anachokera kuti? Ólafur Halldórsson anasulidwa ku Copenhagen pafupi ndi Jón, ndi amene anatsegula mndandanda wa Editiones uja ndi saga yaikulu ya mfumu Óláfr Tryggvason, buku loyamba mu 1958, lachiwiri mu 1961, lachitatu mu 2000, ndipo ndi yemweyo amene mu 1960 anawerenga ndi ultraviolet ndakatulo ya Grettisfærsla yomwe munthu wina wakale anaipala dala pachikopa chifukwa cha mawu ake olaula. Stefán Karlsson naye anaphunzira ndi kugwira ntchito komweko, mu 1963 anasindikiza makalata akale a ku Iceland a chaka cha 1450 chisanafike, anakhala katswiri wozindikira dzanja la mlembi mmodzimmodzi moti ankatha kunena kuti buku ili ndi kalata iyi analemba ndi munthu mmodzi, kenako anabwerera kwawo n'kudzatsogolera bungwe la ku Reykjavík kuyambira 1994 mpaka 1998. Mbali ya Denmark nako kunatsala anthu ake ngati Jonna Louis-Jensen yemwe anadzakhala pulofesa pambuyo pake. Ndiye mapulofesa aja ponena kuti ku Iceland kulibe zokwanira pantchitoyi, yankho linali likukula m'chipinda chawo chomwe.

Kubwezako kunatenga nthawi mpaka 1997. Ku Reykjavík kunapita mabuku 1,666 a m'nkhokwe ya Árni ndi 141 a m'laibulale ya mfumu, ku Copenhagen kunatsala pafupifupi 1,400. Anagawa potsata lamulo loti chopita ndi chomwe analemba munthu wa ku Iceland ndipo chikukamba za Iceland, nde mbiri za mafumu a Norway zinatsala ngakhale alembi ake anali a ku Iceland omwewo, ndipo buku lina lotchedwa Hauksbók zidutswa zake zili mbali zonse ziwiri za nyanja. Kugawa kumeneku sikundisangalatsa. Chomwe chachititsa kuti kusakhale tsoka n'choti akatswiri a mbali ziwirizi anachokera m'sukulu imodzi, amagwira ntchito mofanana, anajambula zonse, ndipo pano ali ndi kaundula mmodzi pa intaneti. Mu 2009 UNESCO inalemba nkhokweyi ngati chuma chimodzi cha dziko lonse lapansi ngakhale ili m'mizinda iwiri.

Dziko la Iceland tikukambali si lachilendo kwenikweni kwa ife, lakhala likugwira ntchito zachitukuko m'Malawi kuyambira 1989 ndipo a ku Mangochi akulidziwa bwino. Anthu ake ndi pafupifupi 400,000, osakwana theka la anthu a mumzinda wa Lilongwe. Ndikutchula izi chifukwa nafenso tili ndi zathu zomwe zili kutali. Zambia yakhala ikupempha kwa zaka zambiri chigaza cha munthu wakale chomwe chinapezeka mumgodi wa Broken Hill ku Kabwe mu 1921 ndipo chili ku London. Makalata ambiri a mamishoni a Blantyre ndi Livingstonia ali ku Edinburgh. Nyimbo zomwe Hugh Tracey anajambula ku Nyasaland m'ma 1950 zimasungidwa ku Makhanda ku South Africa. Ndipo moto wathu nafe tinauona, maofesi aakulu a boma ku Zomba atapsa mu 1919 mafayilo a zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda anapita nawo, zomwe zikutanthauza kuti makope omwe ali kunja ndi ofunika kuposa mmene timaganizira.

Zina sizikufunanso sitima, zili poyera kale koma zikusowa owerenga. Dikishonale ya Johannes Rebmann yomwe inasindikizidwa mu 1877 inachokera pakamwa pa Salimini, munthu wa kuchigawo chapakati yemwe anagwidwa ukapolo n'kukapezeka kufupi ndi Mombasa m'ma 1850. M'menemo muli Chichewa cha zaka zoposa 170 zapitazo, koma chodutsa m'khutu la Mjeremani wozolowera Chiswahili, nde pamafunika munthu wodekha woti asiyanitse kuti apa ndi mmene Salimini ananenera, apa ndi mmene Rebmann anamvera, apa ndi wosindikiza analakwitsa. Imeneyo ndi ntchito ya Jón Helgason yeniyeni, singasiyane. Chimodzimodzinso makalata a Chinyanja omwe aphunzitsi ndi mafumu ankalemba m'ma 1900 oyambirira, ndi mabuku a milandu a m'mabwalo a mafumu omwe chiswe chikuwadya pomwe tikukambirana pano.

Munthu wotere sapangidwa ndi wekishopu ya masiku atatu kunyanja, ndipo sangakhale ndi moyo pa pulojekiti ya zaka ziwiri yomwe wopereka ndalama akufuna lipoti miyezi itatu iliyonse. Jón anapatsidwa mpando ali ndi zaka 28 n'kumusiya pamenepo mpaka ukalamba, malipiro akubwera, popanda womufunsa kuti chaka chino watulutsa zingati. Ine ndikufuna kuti pamene maboma athu akulemba makalata opempha zathu kunja, mubajeti yomweyo mukhale ndalama ya mipando ingapo yokhazikika m'mayunivesite ndi kosungira zakale, ya anthu ophunzitsidwa kuwerenga zolemba zakale za Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zilankhulo zina, ndipo ngati pafunika kuti wina akakhale ku Edinburgh kapena ku London zaka 10 akukopera ndi kujambula, apite ndi dalitso lathu, tisamutche wothawa kwawo. Iceland inatsegula bungwe lake mu 1962 khoti lisanagamule n'komwe, ndipo anthu oti agwiremo ntchito anali ataphunzitsidwa kale.